A Nunkhizani ndi nyama ya pamsonkhano

Loweruka lapitali tinakamanga chiliza pamanda a atsibweni anga, a Yotamu Mbewe, patatha chaka chathunthu chiwaikire m'manda. Anthu anabwera ochuluka kuposa mmene tinkayembekezera. Ena anachokera ku Mponela, ena kutsidya la ku Ntchisi, ndipo ena anali anthu oti mwini wakeyo ali moyo anakhalapo zaka osawapatsa ndi moni womwe. Mapemphero atatha, mkulu wa mpingo wina anaimirira kuti anenepo mawu. Anati, "Malemuwa anali munthu wa Mulungu, kungoti pa nkhani ya chakudya anali ovuta." Anthu anaseka. Amayi anga anawerama. Ine ndinabwerera kunyumba mawuwo akundisowetsa mtendere, chifukwa ndi oona koma ndi operewera. N'chifukwa chake ndati ndilembe zimene ndikudziwa.

Dzina loti Yotamu linali la m'kaundula wa mpingo basi. M'mudzi monse ankawatchula kuti a Nunkhizani. Mbale ya ndiwo ikafika pamaso pawo ankayamba ainyamula, kuifikitsa pamphuno, kutsinzina pang'ono, kenako ndi pamene ankapemphera. Akazi awo, a Naphiri, ankadandaula kuti zaka zonse za ukwati wawo mwamunayu sanadyepo ndiwo zawo asanayambe wazikayikira. Atsibweni ankayankha kuti sakayikira mkazi, akukayikira dzuwa.

Anali mlongo wa amayi anga, woyamba kubadwa, ndiye mwini mbumba yathu. Munthu wamfupi, wa mapewa otakata, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Padzanja lamanzere anali ndi chipsera chachikulu cha mafuta otentha. M'thumba la jekete lawo simunkasowa kachidutswa ka sopo kokulunga m'nsalu. Pamaliro kapena paukwati, beseni la madzi osamba m'manja likamazungulira, iwo ankalidutsitsa osaviikamo ndi chala chomwe. Ankati amene amasamba ndi woyamba yekha, wachisanu amangosinthana litsiro ndi anzake, wakhumi ndiye amachita kudzola. Ankaitanitsa kapu n'kupempha woyandikana nawo kuti awathirire. Akuluakulu ena ankauona ngati mwano, ngati akunenedwa kuti ndi auve.

Anakalamba akuphika. Ali mnyamata anayamba ntchito pa esiteti ina ya fodya cha ku Kasungu, kumene ankaphikira antchito, koma za kumeneko sankakonda kukamba. Kenako anagwira zaka zoposa makumi awiri kukhitchini ya chipatala china cha mishoni mpaka anapuma. Za kuchipatalako ndiye ankazikamba mpaka kutitopetsa. Nkhani imene tonse tinaimva kambirimbiri inali ya tsiku limene bambo wina woyeza magazi anawaitanira m'chipinda chake. Bamboyo anatenga kadontho ka msuzi wa nyemba zogona, nakaika pakagalasi, n'kuwauza kuti asuzumire m'makina oonera tizilombo. Atsibweni ankati anaona tinthu tonga timitengo tothyokathyoka, tambirimbiri, tina tikugwedezeka. Anadzidzimuka mpaka anagwetsa mpando. Anafunsa ngati dontholo lachokera kwa wodwala. Bambo uja anaseka nati, "Ayi, a Mbewe, lachokera mumphika wanu womwe uja mwausiya pawindo kuyambira dzulo." Pomaliza nkhaniyi ankati tsiku limenelo anaona nkhope ya mdani amene anali atakumana naye kale. Ife tinkangoyesa kuti ndi kayankhulidwe chabe.

Sukulu sanapite nayo patali, koma zimene anatola kuchipatalako anazisunga bwino. Ankatiuza kuti tizilomboti ndi alendo okonda pofunda ndi ponyowa, ndipo ukatipatsa nthawi timaswana. Ukatimana zimenezi timasowa pogwira. Ndiye mchere, utsi ndi mphasa yoyanikira ankazitcha abale awo. Sikuti ankadana ndi chosasa chilichonse, ayi. Thobwa ankamwa, chambiko ankachikonda, ndipo mphale yonyika ankati imanunkhira ngati kwawo. Ankati pali kusasa kumene kumasunga chakudya, palinso kusasa kumene kumaperekeza munthu kumanda, ndipo wophika amene satha kusiyanitsa ziwirizi angosiya mthiko. Chodabwitsa n'chakuti munthu wotchuka ndi mphunoyu ankati mphuno si yodalirika, imagwira mbava zopusa zokha. Mpunga wogona ukhoza kuoneka woyera bwinobwino, osanunkha n'komwe, koma n'kugoneka banja lonse pamphasa.

Pa zochitika zikuluzikulu za m'mudzi, kukhitchini kunali kwawo. Amuna anzawo ankawaseka kuti akukhala pakati pa amayi, iwo osalabadira. Mpeni wodulira nyama yaiwisi sunkaloledwa kukhudza tomato. Mayi wa bala pachala ankamutuma kotola nkhuni. Wolawa ndi chipande n'kuchibwezera mumphika ankamva dzina lake likutchulidwa mpaka kumsewu. Amayiwo ankang'ung'udza, komabe ukwati ukayandikira ankayamba ndi kufunsa ngati a Nunkhizani adziwitsidwa.

Amene ankalimbana nawo kwambiri anali amayi anga, a Nambewe. Mkangano wawo wosatha unali wa mkute, nsima yogona imene ana ankadya m'mawa popita kusukulu. Atsibweni sankaletsa, poti njala ankaidziwa, koma ankafuna kuti uziwotchedwa mpaka utenthe m'kati mwenimweni, ndipo ndiwo zogona zizibwatanso. Amayi ankati nkhuni sizimera pakhomo.

"Achimwene, ife tinakula ndi mkute wozizira, ndipo tilipo."

"Tilipo atatu, Nambewe. Amayi anabereka asanu ndi atatu."

Mawa lake mkangano unkayambira pomwepo.

Matipate atabwera misika inatseguka, mavenda anayamba kufika ndi masikelo awo mpaka kumidzi ya kumapiri kuno. Anthu anazolowera kuwaza madzi mtedza kuti makoko afewe posenda, ena kuti ukalemere pasikelo. Atsibweni ankazungulira makomo ngati wapolisi. Ankatapa mtedza m'lichero, kuugwedeza pafupi ndi khutu, kuluma njere imodzi. Ikapanda kuthetheka pakati pa mano ankati wanyowa, ugwira chuku, kankhungu kobiriwira kaja. Ankati chuku sichigwetsa munthu lero ngati nyama yowola, chimadya chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kukazinga sikuchichotsa. Chimene chinkawawawa kwambiri n'chakuti mtedza wabwino unkapita kwa venda, wofota ndi wowawa n'kutsala pakhomo kuti usinjidwe m'phala la ana. Tsiku lina analanda nsinjiro zotere kwa akazi a aphunzitsi aakulu n'kukakhuthula kudzala. Nkhaniyo inakathera kwa akulu a mpingo.

Sindikunena kuti sankalakwitsa. Chaka china anamasula chikwatu cha mfutso cha a Naphiri, masamba a chitambe amene mayiwo anavutika nawo mwezi wathunthu. Anaona zoyerayera pamasamba, nati agwira nkhungu, n'kuponya chikwatu chonse pamoto. Zoyerazo linali phulusa limene a Naphiri anawaza dala poopa kufumbwa. Mayiwo anatha sabata osawayankhula, akuwaikira nsima ndi mchere wokha. Atsibweni anatenga dengu, anthu akuona, n'kupita okha kumunda kukathyola chitambe china, kuchifutsa, kuchiyanika mpaka kuchimanga. Kupepesa ndi pakamwa sankatha.

Koma anthu akamati anali ovuta, kwenikweni amakhala akunena za nyama ya pamsonkhano.

Chinali chaka cha chisankho choyamba cha matipate, kumapeto kwa dzinja. Mvula inali itavuta, ndipo m'makomo ambiri nyama anali ataiona komaliza pa Khirisimasi. Ndiye kunamveka kuti bwana wina wofuna kukaimira dera lathu kunyumba ya malamulo adzachititsa msonkhano Lachisanu pabwalo la sukulu, ndipo wapereka ng'ombe yathunthu. Abambo anga, a Banda, anali wapampando wa komiti yokonza msonkhanowo. Amayi ankatsogolera ophika. Ine ndinali nditangoyamba kuphunzitsa pasukulu pomwepo, ndipo tsikulo ndinali m'gulu la odula tomato. Atsibweni anapemphedwa kuyang'anira miphika monga mwa nthawi zonse.

Ng'ombeyo inaphedwa ku Mponela Lachinayi m'mawa kuti ifike kwathu masana omwewo. Mwatsoka sabata imeneyo mvula inagwa yamphamvu, galimoto n'kutitimira m'matope padambo lina. Inatulukapo Lachisanu dzuwa lili paliwombo. Nthawi yonseyi nyama inali m'matumba a feteleza, atafunditsa lona pamwamba. Itafika, abambo ndi anyamata anatsitsira matumbawo kuseri kwa kalasi, amayi akuimba nthungululu. Atsibweni anafika pambuyo pake atavala epuloni yawo yoyera ya kuchipatala.

Sanafunike kufikitsa mphuno. Atangomasula thumba loyamba, tonse tinabwerera m'mbuyo. Anapisa dzanja natulutsa ntchafu, ili yoterera ngati therere. Anatenga mpeni nacheka mpaka pafupa, ndipo m'katimo munali mobiriwira, mukutuluka timathovu. Anatsegula matumba onse limodzilimodzi. Kenako anapukuta mpeni paudzu.

"Nyama iyi sidyedwa."

Amayi anga ndi amene anayamba.

"Achimwene, titsuka ndi madzi otentha. Tithira mchere, tomato, tsabola, tiphika mpaka ilekane ndi fupa. Moto umapha zonse."

"Moto upha tizilombo, Nambewe. Koma takhalamo kuyambira dzulo, tasiyamo poizoni wake. Ameneyo moto sumuchotsa yense."

"Nanga anthu awa? Achokera kuseri kwa phiri, ana ali kumsana. Tiwauze chiyani?"

"Tiwauze kuti abwerere, ana awowo akadali kumsana."

Abambo anafika thukuta lili kamukamu. "Alamu, musatichititse manyazi. Bwanayo ali m'njira. Inu takupemphani kuyang'anira miphika, osati kuweruza."

Wina m'gulumo anakuwa kuti a Nunkhizani atumidwa ndi chipani china. Mawuwo anayenda ngati moto wa lupsa. Masiku amenewo anthu anali atangophunzira kulozana zala poyera, ndipo aliyense ankakayikira mnzake. Abambo anagamula kuti amayi ayambe kudula nyama. Atsibweni anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kuchoka. Tonse tinayesa kuti agonja.

Anabwerako amayi atayala kale nyamayo pamasamba a nthochi. M'manja anali ndi chigubu cha palafini wa nyale za kutchalitchi, poti makiyi a kumeneko ankasunga ndi iwo. Sanathamange. Anayenda modekha kuchokera kumapeto uku mpaka uko akuthira, ngati munthu wothirira mbewu kudimba. Pamene anthu amalizindikira fungolo, chigubu chinali chitatha.

Zimene zinatsatira sindikonda kuzikumbuka. Mnyamata wina anawamenya ndi chikuni pakhutu, magazi n'kutsikira pakolala. Amayi ena analira ngati pamaliro. Amayi anga anakhala pansi natukwana mlongo wawo mawu amene sindingalembe pano. Abambo anawaloza chala pamaso pa khamu lonse nati, "Kuyambira lero inu si alamu anga." Atsibweni anagwira khutu ndi mpango, nati kukhola kwawo kuli mbuzi ziwiri, anyamata apite akazitenge. Mbuzizo zinaphedwa, zinaphikidwa, anthu anagawana msuzi ndi tizidutswa tonga chala. Anadya, koma sanawakhululukire. Bwana uja atafika chakumadzulo anauza anthu pachimkuzamawu kuti adani a chitukuko ali pakati pathu pomwe. Nthawi imeneyo atsibweni anali kuseri kwa sukulu, akukumba okha dzenje lokwiriramo ng'ombe ija kuti agalu asaifukule. A Naphiri okha ndi amene anawatsatira, nakhala pamwala chapafupi atagwira jekete la amuna awo.

Tsopano ndinene chimene anthu a m'mudzi sachidziwa. Ndachisunga zaka zonsezi chifukwa atsibweni anandiuza kutero. Koma iwo apita, abambo nawo anatsogola zaka ziwiri zapitazo, ndipo amayi andilola.

Kutacha Loweruka, amayi anadzandigogodera. Abambo anali atagona pakhonde, akusanza ndi kutsegula m'mimba, maso atalowa m'kati, miyendo ikukokana. Amayi ankati alodzedwa ndi a chipani china. Ine ndinathamangira kwa atsibweni, ngakhale ndinkaopa kuti andibweza. Anabwera khutu lili lomanga ndi nsalu. Anatsina khungu la pamkono wa abambo, khungulo n'kuima osabwerera. Anagwada pambali pawo nafunsa motsitsa mawu.

"Alamu, mwadya chiyani?"

Abambo anatembenukira kukhoma.

"Alamu, sindikufunsa kuti ndikuimbeni mlandu. Ndikufuna ndikadziwe chowauza adokotala."

"Chiwindi," abambo ananong'ona.

Potsitsa matumba paja, atsibweni asanafike, anali atapatula chiwindi n'kuchibisa. Msonkhano utatha anakachiwotcha okha kudimba pamoto wa mapesi, n'kuchidya chisanapse n'komwe.

Atsibweni anauza amayi kuti awiritse madzi, nasungunulamo shuga ndi kamchere pang'ono, kenako anakabwereka ngolo. Ulendo wonse wa kuchipatala, m'matope momwe muja, anakhala m'ngolomo atapakata mutu wa abambo, akuwamwetsa madziwo ndi supuni. Abambo akasanza, ankadikira pang'ono n'kuyambiranso. Namwino atawaika dilipi anatiuza kuti madzi a m'njirawo ndi amene awafikitsa amoyo.

Masana a tsiku lachiwiri ine ndi atsibweni tinakhala pansi pa mtengo, pabwalo la chipatala, ndipo ndinawafunsa chimene chinkandivuta.

"Atsibweni, bwanji simunangochoka? Munanena, anthu anakana, basi. Mlandu sukanakhala wanu."

Anasisita chipsera chawo chija. Kenako anandiuza za ku esiteti.

Ng'ombe ya mwini esiteti inafa yokha kutchire, ndipo anaipeza patapita masiku awiri. Kapitawo analamula kuti iphikidwe, antchito ndi mabanja awo adye m'malo mwa nyemba za sabata imeneyo. Atsibweni, amene panthawiyo anali a msinkhu ngati wanga, ananena mwaulemu kuti nyamayo yawonongeka. Kapitawo anawakumbutsa kuti mwini esiteti ndi munthu wamkulu, nawafunsa ngati akufuna kuti dzina lawo likamveke kumtunda. Masiku amenewo funso lotero linali lokwanira.

"Ndinaphika, Nabanda. Ndipo sindinangophika. Ndinathira tsabola wambiri kuti fungo lisamveke. Ntchito yanga ndinkaidziwa."

Anthu ambiri anadwala, akuluakulu n'kuchira. Koma panali kamtsikana ka zaka zisanu, dzina lake Esinati, mwana wa mlimi wina wa pa esitetipo, kamene kankakonda kuima pakhomo la khitchini. Iwo ndi amene anakathirira msuzi m'kambale kake, n'kukawonjezera kafupa chifukwa kankawasekerera. Kanamwalira tsiku lachitatu. Pamaliro anthu anauzidwa kuti anali malungo.

"Nthawi ija ndinanena, anakana, basi, monga ukuneneramu," anatero atsibweni. "Ndayenda nako kamwanako zaka makumi anayi. Tsopano akuti zinthu zasintha, munthu akhoza kukana. Ndiye ndimati ndikaneko kamodzi ndisanafe."

Abambo atatuluka m'chipatala ndinkayembekeza kuti mudzi wonse umva, dzina la atsibweni liyere. Iwo anatiletsa. Anati abambo ndi mkulu wa mpingo, ali ndi ana aakazi oti akwatiwe, ndipo munthu amene wangochira kumene sumudwazanso ndi manyazi. Anati wofunsa aliyense tizimuuza kuti anali malungo. Ndinawakumbutsa kuti limeneli ndi bodza lomwe lija la ku esiteti. Anavomera, nati kusiyana kwake n'kwakuti kuno mwini malungoyo ali moyo.

Zotsatira zake anazisenza okha. Kwa zaka ziwiri sanaitanidwenso kukayang'anira miphika, kaya pamaliro kaya paukwati. Makiyi a kutchalitchi anawalanda. Ana ankawaimba nyimbo akamadutsa pamjigo. Khutu lija silinamvenso bwino mpaka imfa yawo. M'zaka zimenezi anayamba kuyenda maulendo ataliatali panjinga, mpaka ku Dzaleka kumene kunali kutayamba kufika anthu othawa nkhondo. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi mayi wina wogulitsa mkaka. Chiyankhulo sankamvana, koma atsibweni ankabwerako akusimba mmene mayiyo ankawiritsira mkaka ndi kufukiza zikho zake ndi utsi asanathiremo. Ankati apeza munthu mmodzi amene safunika kukangana naye.

Abambo sanapepese pagulu, ndipo ine ndinawasungira mkwiyo nthawi yaitali pa chimenecho. Koma mbuzi yawo itaswa n'kuyamwitsa, anatenga timbuzi take tiwiri tatikazi n'kukatimangirira pakhola la atsibweni m'mamawa, osanena kanthu. Atsibweni nawo sanafunse. Lamulungu lotsatira awiriwo anapita kutchalitchi limodzi, akukambirana za mtengo wa feteleza ngati palibe chinachitika.

Anthu ena onse anabwerera kwa iwo pang'onopang'ono, osati chifukwa chovomereza kuti analondola, koma chifukwa panalibe wina wodziwa kuphikira khamu nyemba osapserera. Chaka chimene kolera inavuta kumidzi ya kumunsi, a zaumoyo anabwera kudzanena zomwe zija atsibweni anakhala akunena, ndipo anthu anamvera chifukwa anyamatawo anabwera panjinga zamoto. Atsibweni anakhala kumbuyo kwa gulu atapendeketsa khutu labwinolo, akugwedeza mutu pa mfundo iliyonse. Ndinawayang'ana kuti ndione ngati akwiya. Sanakwiye. Msonkhano utatha anapita kukawafunsa anyamatawo muyeso weniweni wa mankhwala othira m'madzi akumwa.

Anadwala miyezi itatu, miyendo ikutupa, mpweya ukuchepa. A Naphiri akatopa, amayi anga ndi amene ankawaphikira phala. Tsiku lina ndinawapeza awiriwo akukangana ngati kale, nkhani yake supuni imene amayi anaipukuta ndi chitenje.

"Chitenje chimenecho wachokera nacho kumunda, Nambewe."

"Achimwene, mukulephera ndi kukhala tsonga komwe, koma maso ali pa supuni!"

Amayi anatuluka akung'ung'udza, anakaitsuka ndi madzi otentha, nabwerera misozi ili m'maso. Atsibweni anadya phalalo lonse. Anamwalira patapita masiku anayi, Lamulungu m'mawa, belu loyamba litangolira.

A Naphiri atasudzulidwa anabwerera kwawo ku Ntchisi, ndipo ana awo awiri ali ku Lilongwe. Dzulo ndinadutsa pakhomo pawo popita kudimba. Chitseko anachimanga ndi waya. Denga la khitchini labooka pakati, ndipo nkhuku za eni ake ena zikuikira mazira pakati pa mafuwa. Thandala lawo loyanikapo mbale, limene linali lalitali kuposa ena onse m'mudzi kuti agalu asafikire, lapendekeka, mwendo umodzi chiswe chadya. Mtsuko wa madzi akumwa uli chozondoka pakhonde. Mtengo wa mango wa pabwalo wabereka kwambiri chaka chino, ndipo palibe wothyola kupatula ana odutsa. Otsalawo akugwa n'kuwolera pomwepo, ntchentche zili piringupiringu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira. Ndinayang'ana tsache kuseri kwa nyumba koma silinaliko. Ndinathyola nthambi, ndinasesa pakhomo pokha mpaka pamene panathera mphamvu zanga, kenako ndinanyamula khasu langa n'kupitiriza ulendo wa kudimba.